Tsiku Limene Elufe Anazula Chitseko

Panali mkazi wina wojambula makanema, dzina lake Elufe. Luso anali nalo, maso anali nawo, koma pakamwa pake panali yankho limodzi lokha: "Palibe vuto."

Ntchitoyi sanaiphunzire m'kalasi. Anaiphunzira m'maukwati ndi m'zinkhoswe, akunyamula kamera ya eni ake mpaka anagula yakeyake. Tsono kanema wa ukwati ali ndi lamulo limodzi, ndipo ndi lolimba kuposa malamulo a m'mabuku: aliyense aoneke. Wovina bwino aoneke. Wovina ngati waponda linthumbu aonekenso. Mayi amene wasoketsa diresi dala chifukwa cha tsikulo aoneke kuyambira duku mpaka nsapato. Ukaiwala kujambula mphete, akwati adzakukhululukira. Koma ukasiya mlendo mmodzi amene anavina pa perekaniperekani, ameneyo adzakusungira mpaka kumanda.

Elufe lamuloli analimeza lonse, ndipo anthu ankamukonda. Ankamukonda monga mmene timakondera wogulitsa tomato uja amene ukamuuza kuti achotseko amachotsa, ukabwereza amachotsanso, kenaka n'kukuikira banyira, n'kukuthokoza pamwamba pake. Wotereyo pamsika satukwanidwa ndi munthu. Amangoonda.

Koma mumtima mwa Elufe munali filimu ina, yosakhala ya ukwati.

Ali mtsikana wamng'ono, bambo ake anamwalira. Maliro atatha, mkulu wawo wa malemuwo, a Mkwezalamba, amene Elufe ankawatchula kuti bambo aakulu, ananena kuti nyumba ndi ya kuchimuna. Sanamenye munthu. Sanatukwane munthu. Anali bambo aulemu wawo. Anangobwera m'mawa wina ndi kalipentala, n'kuzula chitseko cha nyumbayo, n'kuchikweza pa wilibala, n'kumapita.

Amayi ake a Elufe, Anankhoma, sanalire. Anamasula chitenje, n'kuchipachika pakhomo pomwe panali chitseko, n'kukhala pampando pambali pake. Mphepo ikawomba, chitenjecho chinkafufuma, kenaka n'kubwerera m'kati, ngati nyumba ikupuma movutika. Anakhala choncho mpaka kuzizira kwa mwezi wa Juni, agalu ndi akuba zinawatopetsa. Ndiye anamanga katundu wawo, n'kugwira mwana padzanja, n'kuchoka.

Anankhoma anayamba kukazinga zitumbuwa ku Mtandire. Atapezako mphamvu, chinthu choyamba chimene anagula chinali chitseko cha mlombwa, njerwa asanaumbe ndi imodzi yomwe. Chinkakhala chotsamira khoma m'kachipinda ka lendi, anthu n'kumaseka kuti mayiyu wagula chipewa mutu alibe. Patapita zaka, anamanga nyumba ya zipinda ziwiri, chitsekocho n'kupeza malo ake.

Elufe anakula, koma chitenje chija sichinamuchoke m'maso. Ankachiona akujambula keke. Ankachiona akujambula apongozi akukumbatirana. Kenaka m'mimba munayamba kumuotcha ngati wameza khala lamoto. Tsiku lina anati, basi, nkhaniyi ndiitulutse, mwina ikakhala pansalu isiya kundidya m'kati.

Analibe kampani, analibe womuthandiza wochokera kunja. Anali ndi kamera yake ndi laputopu yokalamba imene inkalira ngati chigayo. Zotsalazo anayenera kubwereka. Filimu ya munthu wosauka imapangidwa ndi zobwereka, ndipo chobwereka chilichonse chimabwera ndi mwini wake pambuyo.

Choyamba chinali nyumba. Elufe ankafuna nyumba yomweyo, khonde lomwelo. Anapita kwa bambo aakulu atakonza mawu onse m'mutu. Atafika anagwada, n'kupereka moni, mawu aja n'kusungunuka ngati mchere m'madzi.

"Filimu ya chiyani, mwana wanga?" anafunsa a Mkwezalamba.

"Ya banja, bambo aakulu."

"Banja latani?"

"Muli mayi wamasiye amene akuchoka panyumba."

"Akuchoka, kapena akuchotsedwa?"

Elufe anayang'ana chitseko. Chinali chomwechija, chitabwerera pamalo pake, atachipaka penti wobiriwira.

"Akuchoka," anatero.

"Eya, ndiye nkhani imeneyo. Amasiye ambiri amachoka okha, anthu n'kumanamizira abale a mwamuna. Tsono mlamu wake wa mayiyo ndikhala ineyo, chifukwa zinthu zoterezi ndimazidziwa mmene zimayendera. Koma chitseko changa musachikhudze, ndangopakitsa kumene."

"Palibe vuto," anatero Elufe.

Azakhali ake anabwereketsa zovala, n'kulonjeza kuphikira ochita sewero. Pobweretsa zovalazo anabweranso ndi mwana wawo wamkazi, n'kunena kuti mbali ya mayi wamasiye yapeza mwini wake. Mtsikanayo anali ndi zikhadabo zogula, zazitali ngati za kabawi, ndipo anakana kuzichotsa. Kulira anakananso, ati misozi imawononga zopaka kumaso. Elufe anati palibe vuto. Motero mufilimumo munali wamasiye woyamba m'dziko muno kulira mwamuna wake uku akuyang'ana ngati kamera yamutenga mbali yabwino.

Abusa a mpingo wina wa m'deralo anabwereketsa jenereta ndi masipika. Iwo sanapemphe zambiri. Anangoti nkhani isathe ndi mkwiyo, poti ana aziionera. Wamasiyeyo agwade pamaso pa mlamu wake, apepese chifukwa chosunga mangawa, kenaka kwaya iyimbe. Kwayayo inayimba ndime zonse, n'kubwereza yomaliza chifukwa woimba besi anachedwa kufika ndipo naye ankafuna kuoneka.

Mwini minibasi amene ankanyamula zipangizo anati galimoto lake lizidutsako kumbuyo, dzina lizioneka. Linadutsa pachitsime. Linadutsa pamsika. Linadutsa ngakhale pamaliro, likuliza hutala.

Tsiku lojambula kuchoka kwa wamasiye, a Mkwezalamba anafika atavala suti. Anaima pakhonde, n'kugwira chitseko chawo chobiriwira, n'kulankhula mawu amene anapeka okha: "Mlamu, musapite. Nyumba ino ndi yanu. Koma ngati mwatsimikiza, ine ndikusungirani." Anabwereza kangapo mpaka mawuwo anawakoma iwo eni, misozi n'kulengeza. Munthu akanama bodza lake pamaso pa kamera, amayamba kulikhulupirira iye mwini.

Elufe anajambula zonsezo. Dzanja lina linali pa kamera, lina pamimba.

Itafika nthawi yodula ndi kulumikiza, sanadule munthu. Akati achotse minibasi, ankaona nkhope ya mwini wake. Akati afupikitse kwaya, ankamva mawu a abusa. Lamulo la m'maukwati linamugwira dzanja: aliyense aoneke. Filimuyo inatalika ngati ulaliki wa mlendo.

M'mimba namo munafika poipa. Chakudya chake chinasanduka phala lamadzimadzi. Kuchipatala anamuuza kuti ali ndi zilonda za m'mimba, n'kumupatsa mankhwala.

"Musiye tsabola," anatero adokotala. "Musiye zokazinga. Komanso muchepetse maganizo."

"Palibe vuto, adokotala."

Adokotala anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Mayi, pakanakhala palibe vuto si bwenzi muli pano."

Elufe anaseka mwaulemu, poti ngakhale nthabwala ya dokotala ankaona kuti ndi yofunika kuilipira.

Anaonetsa filimuyo Loweruka masana, m'holo ya mpingo uja, mawindo atawatchinga ndi mabulangete. Holo inadzaza. Aliyense akaona nkhope yake ankakuwa, n'kugwedeza mnzake paphewa kuti, "Ndine uyo! Waona nsapatoyo?" Mbali yake ikadutsa ankatuluka panja kukayankha foni. A Mkwezalamba atamva mawu awo aja akutuluka m'masipika, anaimirira, n'kuwerama, anthu n'kuwomba m'manja. Pomaliza onse anamuzungulira Elufe. Anamuuza kuti ndi mwana wabwino, mwana womva, mwana wosaiwala abale. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene ananenapo za nkhani ya mufilimumo, chifukwa panalibe amene anaiona. Aliyense anabwera kudzadziyang'anira pagalasi.

Anankhoma anakhala pabenchi yakumbuyo, manja ali pamiyendo. Iwo okha ndiwo sanabwereketse chilichonse ndipo sanapemphe chilichonse.

Pobwerera kunyumba, ali awiri mumsewu wafumbi, Elufe anafunsa, "Amayi, mwaiona bwanji?"

"Yokongola," anatero Anankhoma. "Anthu anavala bwino."

Anayenda pang'ono.

"Nanga ija unkati ndi yathu, udzajambula liti?"

"Ndi yomweyitu, amayi."

"Iyayi, mwanawe. Nyumba ya mufilimuyi ili ndi chitseko."

Anafika kunyumba, n'kutsegula chitseko chawo cha mlombwa, n'kulowa.

M'mawa mwake Elufe anatenga mpeni wa kukhitchini, n'kugwada pakhomo, n'kuyamba kumasula misomali yogwira chitsekocho. Anankhoma anatuluka ndi beseni la ufa wa zitumbuwa m'manja.

"Iwe Elufe, wapenga? Chitseko changa ukuchitani?"

"Ndikuchibwereka, amayi. Dzuwa lisanalowe ndichibwezera."

"Wandipempha?"

"Ndikupempha tsopano. Mukakana, ndisiya."

Anankhoma anayang'ana chitseko chimene anachigula asanakhale ndi khoma. Anayang'ana mwana wawo, masaya atalowa, milomo itauma. Kenaka anaika beseni pansi, n'kutambasula chikhatho.

"Misomaliyo uzindipatsa ndisunge. Iwe umataya zinthu."

Chitseko chinachoka. Anachitsamiritsa kukhoma la panja. Anankhoma analowa kuchipinda, n'kutuluka ndi chitenje chakale, chofwifwa, chothetheka m'mphepete. Elufe sankadziwa kuti chikadalipo. Anachipachika okha pakhomo, n'kukoka mpando, n'kukhala pambali pake monga anakhalira kale. Palibe amene anawauza pokhala kapena poyang'ana. Elufe anaimika kamera. Mphepo inabwera. Chitenje chinafufuma, n'kubwerera m'kati.

Ali mkati mojambula, a Mkwezalamba anatulukira pangodya ya nyumba. Anabwera ndi nkhani yabwino. Atagona anaganiza kuti dzina lawo liyenera kukhala koyambirira kwa filimu, m'zilembo zikuluzikulu, komanso pawonjezedwe kachigawo kena koonetsa iwo akupatsa wamasiye thumba la chimanga. Ankayenda mwachangu, dzanja atalikweza kale kuti agogode.

Dzanjalo linatsala m'malere. Panalibe pogogoda.

Anayang'ana chitenje. Anayang'ana chitseko chotsamira khoma. Anayang'ana mlamu wawo ali pampando, misomali ili m'manja. Munthu saiwala ntchito ya manja ake.

"Elufe, n'chiyani chimenechi?"

"Filimu, bambo aakulu."

"Filimu tinamaliza. Dzulo anthu anawomba m'manja."

"Ija ndi yanu. Ndikuikirani pa fulashi, muzikaonera kunyumba ndi alendo. Iyi ndi yathu."

"Uzimitse chinthucho. Ubwezere chitsekocho tsopano lino, tikambirane ngati anthu."

Akuluakulu amati kukana nsalu ya akulu n'kuviika. Elufe anakula ndi mwambi umenewo. Akanatha kunena kuti batire yatsala pang'ono kutha, kapena kuti akungoyesa kamera, kapena kuti aganizira. Mawu awiri aja anali atafika kale pammero, okonzeka, osalala ngati mwa masiku onse. M'mimba munamuotcha.

"Ayi," anatero.

Liwulo linatuluka laling'ono, lopindika, ngati la munthu amene akuyamba kumene kuphunzira chilankhulo chachilendo. A Mkwezalamba anapendeketsa mutu.

"Wati chiyani?"

"Ndati ayi, bambo aakulu."

"Iwe, ine ndinakubwereka nyumba yanga!"

"Munandibwereka nyumba ya bambo anga. Zikomo kwambiri."

"Ukufuna kuchititsa manyazi mtundu wonse? Udziwe kuti ukatero abale ulibe. Ukwati uliwonse wa kwathu sudzaupondanso ndi kamera yakoyo."

"Ndamva."

A Mkwezalamba anaponya phazi kuti afike pomwe panali kamera. Elufe sanasunthe.

"Ikujambulatu iyi," anatero. "Mukaponda pakhondepo mwalowa mufilimu. Koma ulendo uno mawu opeka kulibe, ndipo suti siithandiza. Muoneka mmene mulili."

Phazi lija linakhala m'mwamba kanthawi. Bamboyu anali atatha mwezi wathunthu akulimbirana malo kutsogolo kwa kamera. Tsiku limenelo anaizemba ngati mmene munthu amazembera galu wa eni ake. Anabweza phazi, n'kukonza jekete, n'kutembenukira kwa Anankhoma.

"Mlamu, mwana wanuyu simumulangiza?"

Anankhoma sanawayang'ane n'komwe. "Pepani alamu, sitikulandirani bwino lero. Tilibe chitseko chokutsegulirani."

A Mkwezalamba anapita. Kamera inapitiriza kujambula chitenje.

Musaganize kuti zinathera m'nthungululu. Abusa anatumiza anthu kudzatenga jenereta yawo. Azakhali anasiya kuyankha moni. Maukwati a kuchimuna anapita kwa wojambula wina, ndipo panali miyezi imene Elufe anathandiza amayi ake kukazinga zitumbuwa kuti apeze ya sopo. Liwu lija linali ndi mtengo wake, ndipo anaulipira wonse, popanda womuchotserako.

Filimu yatsopanoyo inali yaifupi, yoti munthu akhoza kuionera tiyi wake asanazizire. Munalibe kwaya, munalibe minibasi. Munali mayi, mpando, chitenje, ndi mawu a Anankhoma akufotokoza pang'onopang'ono za m'mawa umene wilibala inabwera. Anaionetsa pansalu yoyera m'shedi ya pamsika, anthu ake ochepa. Itatha panalibe wowomba m'manja. Kenaka mayi wina wogulitsa nthochi analankhula ali chikhalire, osayang'ana munthu.

"Kwathu anachotsa malata."

Wina kumbuyo anati, "Ife anatseka chimbudzi ndi loko."

Ndipo anthu sanabalalike msanga.

Mankhwala Elufe ankamwabe, pakuti "ayi" si dokotala. Koma mankhwalawo anayamba kugwira ntchito, poti tsopano sankalimbana ndi mwini mimba. Tsiku lina m'mawa Anankhoma anamupeza atakhala pakhonde, atatsamira chitseko cha mlombwa chimene anachibwezera tsiku lomwe lija monga analonjezera, akudya chitumbuwa chamoto.

"Si paja anakuletsa zokazinga?"

"Chimodzi chokha, amayi."

"Ubweze, ndi cha malonda."

"Ayi," anatero Elufe, kukamwa kuli kodzaza.

Tsono inu amene mumagwira makamera, ndi inu olemba, ndi inu oimba, imvani. Wogulitsa amene alibe mtengo womaliza sagulitsa, amangolandidwa mwaulemu. Okubwerekani zinthu athokozeni, muwabwezere zawo zili bwino, ndipo ngati akufuna kuoneka, ajambuleni kanema wawo wa ukwati akaonere kwawo. Koma m'nkhani iliyonse muli chinthu chimodzi chimene munaiyambira. Chimenecho sichichotsedwa mtengo, sichiperekedwa ngati banyira, ngakhale wopemphayo akhale amene mumamugwadira. Mukachipereka adzakutchani mwana wabwino, holo idzadzaza, ndipo inu mudzapita kunyumba kukamwa phala lamadzimadzi. Musadikire kuti owomba m'manja akuuzeni kuti chasowa n'chiyani, iwo m'mimba simuwaotcha. Paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Chikakana kutseguka, tengani mpeni.